Phazi Likapindika, Timafuna Wolakwa

Nsapato za amayi zimene zimabwera pakhonde panga kuno ku Chitala, zambiri zimaphulika malo amodzi: cham'kati, patsinde pa chala chachikulu. Chidendene chikadali chabwino, kupansi sikunathe, ulusi wina wonse ukugwira, koma pamalo amenewo chikopa chatupa, chasuluka, kenako chang'ambika. Ndikapisa dzanja m'katimo ndimapeza kadzenje kamene phazi ladzikumbira lokha. Mwini nsapato asanavule patapata ndimakhala nditadziwa kale chimene ndione: chala chachikulu chapendekera kwa zinzake, mwina chakwera pamwamba pa chachiwiri kapena chalowa pansi pake, ndipo patsinde paja paima chifupa chonyezimira, chotentha ukachikhudza. Kuno timangoti fupa latuluka. Achipatala amati bunion, ndipo m'mabuku mwawo amalemba kuti hallux valgus.

Ndinayamba kusoka nsapato ndili mnyamata, ndipo kutchalitchi kwathu ndine mmodzi wa akulu a mpingo. Ntchito ziwirizi zimakumana pabenchi limodzi. Munthu akamadikira kuti guluu aume amayamba kulankhula, ndipo nkhani imayambira kumapazi. Mwa onse amene andionetsapo fupa lotereli, ndi ochepa amene anafunsa kuti limayamba bwanji. Ambiri amafunsa kuti, "Abambo, kodi wandichita zimenezi angakhale ndani?" Ena amatsitsa mawu n'kunena kuti, "Kapena ndinamulakwira Mulungu penapake." Funso limene landikhala pamtima ndi limenelo. Kodi ululu uliwonse uyenera kukhala ndi munthu woyankha mlandu?

Alamu anga, akulu awo a mayi a kunyumba kwanga, anaphunzitsa kupulayimale mpaka kupuma. Zaka zonse za ntchito anaziyenda m'nsapato zakuda zotseka, zosongoka kutsogolo, zina za gogoda, chifukwa mphunzitsi wamkazi wa nthawi imeneyo sakanaima pamaso pa ana atavala patapata. Fupa linayamba kuonekera akadali pantchito, mapazi onse awiri, koma lakumanja kwambiri. Chaka chimene ululu unakula ndi chaka chomwe anakangana ndi gogo wina woyandikana nawo pa za malire a dimba. Abale sanachedwe kulumikiza ziwirizi. Anati, "Mwaponda, amayi. Anakutcherani panjira ya kudimba." Anapita nawo kwa sing'anga, amene anatema mphini kuzungulira fupalo n'kutikitamo mankhwala akuda. Mphinizo zinali pamalo pomwe nsapato imakhula, ndiye zinasanduka chilonda chimene chinavuta kupola. Pambuyo pake kunabwera mneneri wina wa mapemphero a usiku, amene anawalamula kusala kudya ndi kutsuka phazi ndi madzi odalitsidwa. Fupa litakana kubwerera, anawauza kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa.

Mlandu unayamba kwa gogo uja n'kudzathera pa alamu eni ake, ndipo onse awiri unawasiyira mabala. Alamu anayamba kudzifufuza usiku, kuwerenga machimo akale, kudzifunsa ngati mapemphero awo amapitirira denga. Gogoyo palibe anamumenya. Koma amayi anasiya kukapala moto kwawo, ana analetsedwa kutola mango pabwalo pake, ndipo akafika pamjigo anthu ankangoti zii. Zoterezi sindizitenga mopepuka. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anthu a kwawo komweko, powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana. Dziko lino lili ndi lamulo la 1911 limene limati kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma kupha kumayamba kale, pamene anthu asiya kupereka moni, ndipo apo palibe wapolisi amene angafike.

Mwana wanga wamkazi ndi namwino, ndipo ndiye anandionetsa pafoni chithunzi cha X-ray cha phazi lotere. Phazi lili ndi mafupa 26. Pakati pake pali mafupa asanu aataliatali, lililonse lolunjika ku chala chake. Loyamba, la chala chachikulu, likayamba kupatuka kulowera cham'kati, kumbali ya phazi linzake, chala chenichenicho chimapendekera kwina, kwa zala zing'onozing'ono. Chotupa chimene timachiona si chinthu chimene wina walowetsamo. Ndi mutu wa fupa lomwe munthu anabadwa nalo, umene wachoka pamzere. Mitsempha yokoka chala, popeza tsopano ikukoka chokhota, imapitiriza kuchipinda nthawi iliyonse imene munthu waponda pansi, n'chifukwa chake vutoli limakula pang'onopang'ono ndi zaka ndipo silibwerera lokha. Pamwamba pa fupalo pamakhala kathumba ka madzi kamene kamatupa nsapato ikamakhula, ndipo kutentha kuja kumachokera pamenepo. Madokotala amayeza kupendekerako pachithunzi, ndipo kukapitirira madigiri 15 amati chala chachoka m'malo mwake. Chala chachikulu ndicho chimakankha thupi poyenda. Chikafooka, kulemera kumagwera pansi pa chala chachiwiri ndi chachitatu, khungu limakhuthala pamenepo, ndipo munthu wachikulire amayamba kudzandira ndi kugwa.

Zoyambitsa zazikulu ndi ziwiri, magazi ndi nsapato. Apongozi anga, mayi wawo wa alamuwa, anakhala pafupifupi moyo wawo wonse osavala nsapato. Ankavala pa ukwati ndi pa mgonero basi. Chala chawo chinali chopendekera chimodzimodzi, aliyense m'banjamo amakumbukira, koma sichinawavutitse kwenikweni chifukwa panalibe chochipanikiza. Mayi a kunyumba kwanga nawonso ali nako pang'ono. Kapangidwe ka phazi timatengera kumtundu. Ena mitsempha yawo ndi yofewa, ena phazi lawo ndi lophwatalala pansi, ena fupa loyamba lija limasewera kwambiri. Nyamakazi ya molumikizira mafupa nayo imatha kupinda chala. Akazi ndiwo amapezeka nalo kwambiri kuposa amuna, ndipo ukalamba umawonjezera. Ofufuza a ku Australia amene mu 2010 anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana anapeza kuti anthu 23 pa 100 alionse a zaka 18 mpaka 65 ali ndi vutoli, ndipo mwa opitirira zaka 65 ndi oposa 35 pa 100. Chinthu chofala chonchi, m'mayiko akutali chonchi, sichingachokere pa mkangano wa malire a dimba limodzi.

Za nsapato, umboni ndi wakale. Mu 1958 madokotala awiri ku Hong Kong anayerekeza mapazi a anthu ovala nsapato ndi a anthu amene sankavala. Mwa ovala, 33 pa 100 anali ndi chala chopendekera. Mwa osavala, anali pafupifupi awiri okha pa 100. Awiriwo ndi ngati apongozi anga. Pano pa Chitala tili ndi siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi, mpaka mtundu wina wa mtedza unapatsidwa dzina la malo ano, ndipo mlimi aliyense woyandikana nayo amadziwa kuti zokolola zimadalira mbewu ndi munda pamodzi. Mbewu imabwera ndi chikhalidwe chake, koma munda ndiwo umachitulutsira poyera kapena kuchibisa. Phazi la alamu linali mbewu ya kwa amayi awo. Nsapato ndiyo inali munda.

Monga wosoka nsapato, ndiwonjezerepo chimene manja anga akudziwa. Ambiri a ife tinakula osavala, zala zathu zinatambasuka, phazi n'lotakata kutsogolo. Nsapato zimene timasankha pa kaunjika ku Kamuzu Road zinaumbidwa pa zikombole za mapazi ena, ndipo zimafika kuno zitapindika kale motsatira phazi la mwini wake woyamba. Timagula poona nambala, pomwe nambala imangonena za kutalika. Wogulitsa amati ikuthinani masiku awiri okha, kenako itanuka. Chikopa chenicheni chimatanukadi pang'ono. Pulasitiki satanuka, ndipo nsapato ikakana kugonja, chimene chimagonja ndi phazi.

Pali nkhani ina imene mwana wanga anandiwerengera, ndipo monga mkulu wa mpingo inandikhudza kuposa zonse. Mu 2021 ofufuza a ku Cambridge, ku England, anatulutsa zimene anapeza atayeza mafupa a anthu 177 oikidwa m'manda akale a mumzindawo ndi a m'mbali mwake. Mwa amene anaikidwa pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi m'ma 1200, anthu 6 pa 100 anali ndi chala chopendekera. Mwa a zaka za m'ma 1300 ndi m'ma 1400, chiwerengero chinakwera kufika 27 pa 100. Chinasintha ndi fashoni: kunabwera nsapato zazitali, zosongoka kwambiri kutsogolo. Kumanda a kumudzi vutoli linali pa anthu atatu okha pa 100, koma kumanda a nyumba ya ansembe, kumene kunkaikidwa ansembewo pamodzi ndi anthu olemera, linafika 43 pa 100. Mpingo unali utaletsa kale atsogoleri ake kuvala nsapato zosongoka mu 1215, koma anavalabe. Anthu opemphera, ooneka bwino, olemekezeka, ndiwo anali ndi mapazi opindika kwambiri, ndipo mafupa a anthu a chala chopendekera anaonetsanso kuti ankathyoka chifukwa cha kugwa kuposa anzawo. Sindikuwaseka. Ndimawamvetsa, chifukwa ndimawaona Lamulungu lililonse.

Tsono walakwa ndani? Apongozi anga sanasankhe phazi limene anapatsira ana awo, monganso iwo sanasankhe limene analandira. Ndikunena izi chifukwa ndamvapo abale a mwamuna, atamva kuti ndi za kumtundu, akutembenuza nkhani n'kuyamba kunena kuti mtundu wa akaziwa ndi wa mapazi opindika. Uko ndi kusaka mfiti komweko, kungoti kwavala mawu achipatala. Nanga alamu? Iwo anavala nsapato zija chifukwa cha ulemu. Tisaiwale chimene nsapato yakhala ikutanthauza kwa ife. Makolo athu anayenda wapansi mpaka ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare, ndipo mtchona akabwerera, nsapato ndiyo inkauza mudzi kuti sanapite pachabe. Mwana amene anapitapo kusukulu wosavala pakati pa anzake ovala amadziwa manyazi ake mpaka kukula. Mayi amene anachoka m'nyumba ya udzu n'kukhala mphunzitsi sankavala gogoda chifukwa cha matama. Ankalemekeza ntchito yake, ana ake a m'kalasi, ndi nyumba ya Mulungu.

Apa ndi pamene mtima wa munthu umakana. Ululu wa alamu unabwera kudzera mwa mayi amene anawabereka ndi mwa ulemu umene anali nawo, zinthu ziwiri zabwino. N'kosavuta kuvomereza kuti choipa chachokera kwa munthu woipa, chifukwa pamenepo dziko limaonekabe lolongosoka: pali ife, pali iwo, ndipo iwo atachotsedwa tidzakhala pamtendere. Kuvomereza kuti ululu ungakhale ndi chouyambitsa koma wopanda wolakwa kumatisiya manja ali lende, opanda woti timukwiyire. Ndikuganiza kuti ambiri amene amathamangira kukaombeza sakhala akufuna mankhwala kwenikweni. Amafuna nkhope.

Ophunzira a Yesu nawonso ankafuna nkhope. Pa Yohane 9 anaona munthu wobadwa wosaona ndipo anafunsa ngati anachimwa ndi iye kapena makolo ake. Anapatsa Ambuye mayina awiri kuti asankhepo, monga mmene abale athu anachitira. Yesu anawakana onse awiri, ndipo chimene chimandigwira mtima n'chakuti sanaime pamenepo kuti apitirize mtsutso. Anawerama, anakanya thope, anagwira maso a munthuyo. Anzake a Yobu anakhala naye chete masiku asanu ndi awiri, ndipo anachita bwino mpaka pamene anatsegula pakamwa n'kuyamba kumufunira tchimo lobisika. Kumapeto kwa bukulo Mulungu anakwiyira iwowo. Kwa mneneri amene anauza alamu kuti chikhulupiriro chawo n'chochepa, ndikanakonda kumukumbutsa za Paulo, amene anapempha katatu kuti chomulasa m'thupi chichoke ndipo sichinachoke, ndi za Yakobo, amene anatuluka m'dalitso la usiku uja akutsimphina. Ndimakhulupirira pemphero. Ndapemphera ndi alamu, ndipo ndinaona mantha akuwachoka, tulo tikubwerera. Koma sindingauze munthu kuti fupa likapanda kubwerera ndiye kuti Mulungu wamukana, chifukwa Malemba amene ndimawerenga sanena choncho.

Ena akamva zimenezi amapita mbali ina n'kunena kuti basi, ndi chifuniro cha Mulungu, tingopirira. Nazonso ndimazikana. Kusowa kwa wolakwa sikutanthauza kusowa kwa chochita. Ndalama, nkhuku ndi masiku zimene banja lathu linataya posaka munthu zikanakwana kugula nsapato zabwino zingapo.

Chochita choyamba chili pabenchi langa. Ndimaimika munthu papepala n'kujambula phazi lake ataimirira, kenako ndimaika nsapato yake pamwamba pa chojambulacho. Ambiri amadabwa kuona phazi likutulukira mbali zonse ziwiri. Ngati nsapato ndi yachikopa, ndimainyowetsa pamalo a fupa n'kuikamo mtengo wosema kuti igone nawo. Ngati yakanika, ndimadula pamenepo n'kusokererapo chigamba cha chikopa chofewa, chotakasuka. Pogula yatsopano, ndi bwino kuyesa madzulo pamene mapazi atupa ndi kuyenda, kuyesa mapazi onse awiri utaimirira, kusiya mpata wokwana chala chamanthu kutsogolo, ndi kusankha yotakata kumphuno, ya chidendene chachifupi. Kansalu kofewa kapena kasiponji pakati pa chala chachikulu ndi chachiwiri kamachepetsa kukhulana. Ululu ukakula, nsalu yonyowa ndi madzi ozizira imathandiza, pamodzi ndi panado kapena brufen monga achipatala angalangizire. Zonsezi zimachepetsa ululu, koma fupa silibwerera nazo. Ngakhale zomangira chala usiku zimene amagulitsa sizichiwongola mpaka kalekale. Ndipo sindiuza munthu kuti ataye nsapato. Kuno kuli minga, matekenya, njoka, ndi mchenga wa mu Okutobala umene umawotcha. Wodwala matenda a shuga makamaka asayende wosavala, asatemedwe mphini paphazi, ndipo akaona kachilonda pafupalo apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chilonda chotere chimatha kudula mwendo.

Chowongola fupa ndi opaleshoni yokha. Amadula fupa loyamba lija, kulibwezera pamzere n'kulimanga ndi tizitsulo. Munthu amatenga masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo asanayambe kuponda bwino, phazi limatupa kwa miyezi, ndipo nthawi zina chala chimadzapendekeranso. N'chifukwa chake madokotala sachita opaleshoniyi kuti phazi lioneke bwino, koma pamene ululu walepheretsa munthu kuyenda. Njira yake imayambira pachipatala chaching'ono, kupita kuchipatala cha boma ku Salima, ndipo akaona kuti n'kofunika amatumiza ku Lilongwe, kumene pa Kamuzu Central anatsegula chipatala cha mafupa cha LION mu 2023. Koma madokotala a mafupa m'dziko muno ndi ochepa, ndipo tsiku lililonse amalandira anthu othyoka pangozi za pamsewu. Mlimi wa thonje sangagone masabata asanu ndi limodzi nthawi ya dzinja. Ambiri a kuno adzakhala nalo fupali mpaka kumanda, ndipo funso lawo lenileni ndi la mmene angakhalire nalo.

Pamenepa mpingo uli ndi gawo limene sitinalitenge. Amayi athu amayenda mtunda wautali Lamulungu atavala patapata, nsapato zili m'jumbo, n'kudzavala akayandikira tchalitchi. Amalowa akutsimphina. Ulaliki ukafika pakati, ndikayang'ana pansi pa mabenchi ndimaona nsapato zitavulidwa mwakachetechete, n'kudzavalidwanso mofulumira nthawi ya chopereka. Palibe lamulo lolembedwa limene limawakakamiza, koma maso a anthu ndi lamulo lokwanira. Ine ndafufuza ndipo sindinapeze pamene Mulungu anafunsa munthu nsapato. Mose pachitsamba choyaka moto anauzidwa kuti avule. Anansi athu Achisilamu, amene ndi ambiri kuno ku Salima, amatsuka mapazi n'kusiya nsapato pakhomo la mzikiti, wolemera ndi wosauka yemwe. Ambuye wathu usiku wake womaliza anagwira mapazi a ophunzira ake opanda kanthu, afumbi, ndi manja ake. Ngati ulemu umene timafuna kwa amayi athu ukupinda thupi limene Mulungu analiumba, tiyenera kudzifunsa kuti ulemuwo ukupita kwa yani.

Mkulu mnzanga wina amanditsutsa. Amati tikamasula pamenepa, mawa anthu adzabwera kutchalitchi ngati akupita kudimba, ndipo achinyamata adzataya mwambo wonse. Nkhawa yake ndimaimva, ndipo sindikuti munthu azibwera wauve. Nkhwayira yotsukidwa bwino, ya zingwe zofewa zodutsa kutali ndi fupa, ndi chovala chaulemu. Alamu ndinawasokera yotero, yakuda, ndipo tsopano amafika kutchalitchi ndi kumsika wa ku Siyasiya osapumira panjira. Masabata oyamba ankabisa mapazi pansi pa chitenje. Amayi ena awiri atawaona anabwera kudzafunsa mtengo wake.

Chimene sichinakonzeke ndi cha gogo uja. Nkhwayira yathetsa ululu, koma palibe amene wapita kukamuuza kuti tinamunamizira. Alamu akuti akuchita manyazi. Abale ena akuti kupepesa n'kudzutsa nkhani yogona, ndipo mmodzi akunenabe kuti mwina mankhwala aja anangophwa mphamvu. Gogoyo ndi wa mpingo wathu womwewu, dzina lake lili m'kaundula, ndipo wasiya kubwera ku mgonero. Ndapempha kuti nkhaniyi ilowe pamsonkhano wa akulu a mpingo wa mwezi wamawa, pamodzi ndi ija ya nsapato, ndipo ndauza alamu kuti tsiku limene adzalimbe mtima, ine ndi mng'ono wawo tidzawaperekeza.